Sienta yanga ikumwa oyilo koma pansi sikudontha, ndiphwasuledi injini?

WaSienta_Bangwe:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama. Ndili ndi Toyota Sienta ya injini ya 1NZ imene ndimanyamulira anthu pakati pa Limbe ndi Bangwe, yayenda makilomita opitirira 190,000. Masiku ano ndikuthira pafupifupi lita imodzi ya oyilo pa makilomita 1,000 aliwonse, chonsecho pamene ndimaigoneka ndi pouma, palibe ndi kadontho komwe. Ikaima nthawi yaitali pasiteji injini ikulira imanjenjemera, ndipo ponyamuka imalavula kautsi kabuluu. Paipi yochokera ku air filter ndaipeza yonyowa oyilo mkati. Amakaniko anga angoti ma ring'i (mphete za pa mapisitoni) atha, tiphwasule, ndipo mtengo umene atchula wandiumitsa pakamwa. Mnzanga wina akuti ndione kaye PCV. Chimenechi n'chiyani?

MakanikoWaKuBiwi:
Achimwene, mnzanuyo wakuuzani zoona, musathamangire kuphwasula. Injini iliyonse, ngakhale yatsopano, imapulumutsa mpweya pang'ono m'mbali mwa ma ring'i n'kutsikira kumunsi kumene kumakhala oyilo. Mpweya umenewo uyenera kutuluka. PCV ndi kavavu kakang'ono ngati chala chachikulu, kali pa top cover (chivundikiro chapamwamba pa injini), ndipo kali ndi kapaipi kopita ku manifold (mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda) kuti mpweyawo ukapserenso limodzi ndi petulo. Mkati mwake muli kachitsulo ndi sipuling'i basi.

Kamawonongeka njira ziwiri. Kakatsekeka ndi phala lakuda la oyilo wokhalitsa, mpweya umasowa kolowera, ndiye umakankha oyilo kudzera m'magasiketi, m'masilo ndi m'paipi ina ija yopita ku air filter. Kakakanirira kotsegula, injini imayamwa nthunzi ya oyilo n'kumaiotcha, komanso imalandira mpweya woonjezera umene kompyuta ya injini sinauwerengere, n'chifukwa chake imanjenjemera ikaima. Kapaipi kong'ambika kamachitanso zomwezo.

Chitani chonchi injini itazizira. Vulani kapaipi, mumasule kavavuko, mukagwedeze pafupi ndi khutu. Kabwino kamalira kuti tcheketcheke. Kakangoti zii, kamatirira. Mukhoza kukapopera carb cleaner (mankhwala otsukira kabureta) mpaka madzi otuluka atayera, koma ine ndimakonda kungoika katsopano, chifukwa sipuling'i yotopa simungaione ndi maso, ndipo kulira kokhako sikutsimikizira kuti kali bwino. Kapaipiko kapindeni muone ngati kauma kapena kali ndi ming'alu kunsonga. Kenako lizani injini, muike chala pakamwa pa kapaipi: kayenera kukuyamwani chala mwamphamvu. Pomanga musakakamize ndi sipanala, top cover ya 1NZ ndi ya aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kudyeka.

Mlamu_ku_Joni:
Kuno ku Johannesburg vutoli timakumana nalo kwambiri pa ma Golf ndi ma Audi a injini ya 2.0 TSI. Kumeneko si kavavu kogwedeza ayi, ndi chibokosi chapulasitiki chokhala ndi labala yopyapyala mkati. Labalayo ikang'ambika injini imaimba likhweru, ndipo chotsekera oyilo chimakanika kuchotsa injini ikulira chifukwa chakokedwa mkati. Pa Toyota muli ndi mwayi, ntchito yake ndi ya pansi pa mtengo. Chokhacho, samalani ndi masipeya otchipitsitsa opanda dzina, ena amakanirira asanathe n'komwe mwezi.

AgogoAMalole:
Mwana wanga, ndisakunamize, lita yathunthu pa makilomita 1,000 ndi yambiri kuti mlandu wonse tiusenzetse kavavu kamodzi. Sintha, inde, n'kotchipa ndipo pa makilomita amenewo kagwira ntchito yake. Koma oyilo wa m'paipi ya air filter uja amabweranso ma ring'i akatha, chifukwa mpweya wopulumuka umachuluka mpaka PCV yabwinobwino kulephera kuumeza wonse.

Utsiwo uusamale nthawi imene ukutuluka. Ukatuluka m'mawa pongoliza kenako n'kusiya, kapena pamene watsika chitsikire chachitali monga cha ku Thabwa popita ku Chikwawa n'kupondanso moto, kawirikawiri ndi masilo a mavavu, auma ndipo oyilo akutsetserekera m'masilinda. Amenewo amasinthika osakhudza mapisitoni. Ukamatuluka pokwera mtunda galimoto itadzaza, pamenepo ndiye ganizira ma ring'i. Masula mapulagi onse anayi uwaike pamzere: ngati imodzi yokha ndi yakuda yonyowa, vuto lili m'silinda imeneyo osati pa PCV. Ndipo makaniko amene akuti tiphwasule asanayeze compression (mphamvu imene pisitoni ikupanikizira mpweya m'silinda), umufunse kuti waona chiyani.

Zothira oyilo wolimba wa m'malole kuti utsi ubisike usachite. 1NZ ili ndi VVT-i, makina osintha nthawi yotsegukira mavavu, imene imayendera oyilo m'tinjira tating'ono, sifuna phala.

WaSienta_Bangwe:
Zikomo nonse. Ndamasula kavavu kaja, kali zii, kunsonga kwake kwamata zakuda zolimba, ndipo kapaipi kang'ambika pomwe pali chomangira. Ndaika zonse zatsopano, kunjenjemera kwatha. Mapulagi onse anayi akufanana, ndi oderako pang'ono koma ouma. Tsopano ndidziwa bwanji kuti kumwa oyilo kwachepa?

MakanikoWaKuBiwi:
Sinthani oyilo ndi fyuluta yake lero lomwe, chifukwa wakaleyo ndi amene anatseka kavavu koyamba. Pukutaninso mkati mwa paipi ya air filter kuti muone ngati inyowenso. Mudzaze mpaka pa kadontho kapamwamba ka dipstick, mulembe makilomita, ndipo muziyeza m'mawa musanalize, galimoto ili pamalo athyathyathya omwewo. Kautsi kakhoza kuonekabe masiku oyamba, ndi oyilo wotsalira mu manifold ndi mu ekizozi. Mukakwanitsa makilomita 1,000 mutiuze watsika bwanji. Paipi ija ikadzanyowanso, pitani mukayezetse compression, ndipo manambala a masilinda onse anayi akulembereni papepala.