Bokosi la mabuku a ana kwa Agogo

Malume a ku Area 25: Moni nonse. Ija nkhani tinaiyamba pa chinkhoswe tiimalize sabata ino. Ana a sekondale m'banja muno alipo 11, ndipo onse akakhala kwa Agogo ku Dedza pa tchuthi cha Khirisimasi. Tinati chaka chino m'malo mwa zovala tiwagulire mabuku a nkhani, akhale m'bokosi limodzi, aziwerenga mosinthana. Makomo tilipo 9, khomo lililonse K15,000, zonse pamodzi K135,000. Achemwali a ku Zomba, aphunzitsi ndinu, tiuzeni zogula.

Azakhali a ku Zomba: Zikomo achimwene. Tiyambe tamvana mtundu wake. Za Kalulu ndi Fisi ayi, zimenezo Agogo adzawasimbira okha madzulo. Za amatsenga ndi zilombo zouluka ayinso. Tikufuna nkhani zopeka, koma zoti mwana akamawerenga aziti izi zikhoza kuchitika pakhomo pathu pano: fizi yasowa, mayi ali kutali kuntchito, mnzake watenga pathupi, bambo ndi ankhanza. Mwana wa zaka 13 mpaka 18 buku limamugwira mtima ngati mpangankhani wake ndi wamsinkhu wake, ali pavuto, ndipo palibe wamkulu amene akubwera kudzamuthetsera.

Malume a ku Area 25: Ndiye tiyambe ndi athu omwe. Nthondo ndi Kukula ndi Mwambo. Ana a masiku ano akusowa mwambo.

Azakhali a ku Zomba: Nthondo alowe, sindikukana. Ndi buku la a Samuel Josiah Nthara la mu 1933, limatsata munthu kuchokera pobadwa, unyamata wake wosamva, mpaka ufumu ndi kutembenuka mtima. Koma dziwani kuti a Fomu 3 ndi 4 amakumana nalo kale m'kalasi. Mwana akaona buku la silabasi pa tchuthi amamva fungo la mayeso, amaliika pansi. Kukula ndi Mwambo la a Gwengwe ndi labwino, koma malangizo ndi amene achuluka kuposa nkhani. Bokosi likadzaza ndi otero, ana adzaliona ngati chinamwali chachiwiri ndipo sadzalitsegula. Limodzi likwanira.

Malume a ku Area 25: Wakutsina khutu ndi mnansi. Pitirizani.

Amake Tadala: Alamu, ndiwonjezepo za kagawidwe, poti kulaibulale ndi kumene izi zimaonekera. Tisagawe ndi zaka zokha. Wina ali Fomu 3 koma Chingerezi chake n'cha Fomu 1. Tipange milu itatu, timate selotepi ya mtundu pamsana pa buku lililonse. Yobiriwira: afupiafupi, mawu osavuta. Yachikasu: ataliko. Yofiira: nkhani zolemera, za a zaka 16 kupita m'tsogolo. Pa mabuku 24 ndingati obiriwira 10, achikasu 8, ofiira 6.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Mwana atsegule pakati pa buku, awerenge tsamba limodzi, akapeza mawu osawadziwa apinde chala. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo n'lamtsogolo, atenge lina. Akapanda kupinda chala n'komwe si vuto, awerenge ndithu, pa tchuthi tikufuna liwiro ndi chilakolako.

Msuweni wa ku Mzuzu: Pa mulu wobiriwira ikanipo We Need New Names. Ndamva kuti mtsikana wake ali ndi zaka 10 zokha.

Azakhali a ku Zomba: Asuweni, apo ndi pamene makolo ambiri amagwera m'mbuna. Zaka za mpangankhani si zaka za wowerenga. Buku limenelo ndi la NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe, la mu 2013. Darling ali ndi zaka 10 inde, koma mnzake wosewera naye, Chipo, ndi woyembekezera ali ndi zaka 11, ndipo wochita zimenezo ndi agogo ake aamuna. Analembera akuluakulu. Likalowa m'bokosi likhale lofiira.

Msuweni wa ku Mzuzu: Mayo ine. Ndabweza mawu.

Bambo aang'ono a ku Joni: Obiriwira ndisiyireni ine, kuno ndi osasowa. Loyamba Journey to Jo'burg la Beverley Naidoo, la mu 1985. N'kabuku kakang'ono. Naledi ndi mlongo wake Tiro anyamuka wapansi kumudzi kukaitana mayi awo amene akugwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Johannesburg, chifukwa kamwana kakudwala kwambiri. Boma la tsankho lija linaliletsa bukuli. Ana athu amene makolo awo ali kuno adzalimva msanga. Kenako pali a Harmony High, timabuku tating'ono ta ana a sekondale ya kulokeshoni: zibwenzi, ngongole, abwana ofuna tiatsikana, magulu a zigawenga. Chingerezi chake n'chopepuka ndipo mitu yake njaifupi. Nditenga asanu a amenewo.

Amake Tadala: A Harmony High ndi a anthu omwe anayambitsa FunDza, bungwe la ku South Africa lolimbikitsa achinyamata kuwerenga, amene amaikanso nkhani zoterezi pa intaneti zowerenga pafoni. Koma kwa Agogo tisadalire foni. Netiweki imavuta, bandulo imathera pa TikTok, ndipo foni imodzi ana 11 ndi ndewu.

Asisi a ku Leeds: Ine ndikutera pa Kamuzu pa 14 Disembala. Kuno mashopu ogulitsa zinthu zakale amakhala ndi mabuku otsika mtengo. Buku la chikuto chofewa limalemera pafupifupi magalamu 250, ndiye khumi ndi makilogalamu awiri ndi theka, alowa m'chikwama cha makilogalamu 23 popanda vuto. Ndaganiza The Other Side of Truth, Refugee Boy ndi The Hate U Give.

Azakhali a ku Zomba: Awiri oyambawo ndi achikasu enieni. The Other Side of Truth ndi la Naidoo yemweyo, linapata Carnegie Medal ya 2000, mphoto ya mabuku a ana ya ku Britain. Sade ndi mlongo wake Femi, ana a mtolankhani wa ku Nigeria, mayi awo awomberedwa, iwo awazembetsera ku London ndipo wowaperekeza awataya pamsewu. Refugee Boy la Benjamin Zephaniah, la mu 2001, ndi la mnyamata Alem, bambo ake a ku Ethiopia mayi ake a ku Eritrea, maiko awiriwo ali pankhondo, ndiye kulibe kwawo. Anyamata athu amene amalota za kunja awerenge amenewa, aone kuti kutsika ndege si kufika.

The Hate U Give ndikukayika. Ndi la Angie Thomas, la mu 2017, mtsikana Starr aona mnzake akuwomberedwa ndi wapolisi ku America. Nkhani ndi yamphamvu, koma ndi lalitali, zotukwana zilimo, ndipo chilankhulo chake n'cha m'makwalala a kumeneko. Wa Fomu 4 wa ku Lilongwe alimaliza, wa ku Mayani zala zisanu zitha ndime yoyamba isanathe. Mukalipeza lotchipa tengani, likhale lofiira.

Asisi a ku Leeds: Chabwino azakhali. Nanga ofiira ena?

Azakhali a ku Zomba: Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga, la mu 1988, ndilo ndikulifunitsitsa, ndipo mutenge awiri. Tambu ndi mtsikana wakumudzi ku Rhodesia (Zimbabwe wa lero), pakhomo ndalama ya sukulu yaperekedwa kwa mlongo wake wamwamuna, iye alima kamunda ka chimanga n'kukagulitsa chachiwisi m'tauni ya Umtali kuti adzilipirire fizi. Palibe mtsikana wa kwathu amene angafunse tanthauzo la zimenezo. Chenjezo lake ndi Nyasha, mwana wa bambo aakulu a Tambu, amene amadwala matenda okana chakudya chifukwa cha kupsinjika maganizo.

Purple Hibiscus la Chimamanda Ngozi Adichie, la mu 2003. Kambili ali ndi zaka 15, bambo ake ndi munthu wolemera ndi wolemekezeka kutchalitchi ku Enugu ku Nigeria, koma m'nyumba amamenya mkazi ndi ana, mpaka kuwathira madzi otentha kumapazi. Makolo mudziwiretu, mapeto ake muli imfa ya chiphe.

Weep Not, Child la Ngugi wa Thiong'o, la mu 1964, ndi lalifupi ndipo Chingerezi chake n'chosavuta, ndiye ambiri amalipereka kwa a Fomu 1. Musatero. Njoroge waika moyo wake wonse pa sukulu, nkhondo ya Mau Mau yolimbana ndi atsamunda ku Kenya iwononga zonse, iye azunzidwa, ndipo kumapeto afuna kudzikhweza. Lofiira.

La kwathu kuno ndi Smouldering Charcoal la a Tiyambe Zeleza, la mu 1992: Mchere wogwira ntchito kubekale, Chola mtolankhani, sitalaka ndi ndende. Ana amene anabadwa chipani chimodzi chitatha kale amaphunzirapo zambiri.

Amake Tadala: Pali linanso limene atsikana amalimbirana, Chanda's Secrets la Allan Stratton, la mu 2004. Chanda ali ndi zaka 16, nkhani imayamba akukonza maliro a kamng'ono kake, ndipo mudzi wonse ukuopa kutchula dzina la Edzi. Ndi lachikasu pa chilankhulo. Koma m'banja muno tili ndi ana amene anataya makolo. Asalipeze okha m'bokosi. Wamkulu awauze kaye zimene zilimo, asankhe okha kuliwerenga kapena ayi.

Malume a ku Area 25: Apo mwanena zoona alamu. Koma ine nditsutsepo. Tikuwapatsa ana nkhani za mimba, nkhanza ndi kudzikhweza. Sitikuwaphunzitsa zoipa?

Azakhali a ku Zomba: Zimenezo akuziona kale kusukulu ndi pafoni, popanda wowafotokozera. Chimene buku limawonjezera ndi zotsatira zake, ndi mpata woti mwana anene za Kambili pamene za iye mwini sangazinene. Chofunika n'chakuti buku lofiira lililonse wamkulu mmodzi akhale ataliwerenga. Ofiira ndi 6, akuluakulu tilipo oposa pamenepo. Ndipo mwana akamaliza musamufunse kuti waphunzirapo chiyani, limenelo ndi funso la MANEB. Mufunseni kuti ndani wamukwiyitsa m'bukumo.

Malume a ku Area 25: Ndipatseni la Zeleza. Nanga a Chichewa? Tisadzaze bokosi ndi Chingerezi chokha.

Amake Tadala: Achichewa akhale osachepera asanu, ndipo ndi amene adzakoke ana amene Chingerezi chimawavuta. Funsani Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a a Willie Zingani, komanso Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata a a Jolly Max Ntaba. Ndi akalekale ndithu, ndiye si onse mungawapeze atsopano. Yambani kwa CLAIM Mabuku, kenako kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe ndi ku Lilongwe. Ngakhale mutangopeza awiri kapena atatu, fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pogula kwa mavenda onani zinthu izi musanapereke ndalama. Tsegulani tsamba lomaliza, muone ngati nkhani yathadi, chifukwa buku lakale limayamba kuthothoka kumapeto. Yendetsani chala pa manambala a masamba: ofotokopa ena amadumpha masamba 16 nthawi imodzi kapena kubwereza omwewo. Pindani msana pang'ono, guluu akamalira ndiye kuti wauma, bukulo silipirira manja a ana 11. Onaninso pachikuto ngati silofupikitsidwa. Ofupikitsidwa si oipa pa mulu wobiriwira, koma tisalipire mtengo wa buku lathunthu.

Msuweni wa ku Mzuzu: Nanga la William Kamkwamba lija, The Boy Who Harnessed the Wind?

Amake Tadala: Limenelo si lopeka, ndi mbiri yeniyeni ya mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu, njala ya 2001 ndi 2002 ndi makina amphepo opanga magetsi amene anapanga. Koma lilowe, anyamata osakonda nkhani zachikondi amayambira pamenepo. Asisi, mufune la ana limene linatuluka mu 2015, osati lalikulu la mu 2009.

Bambo aang'ono a ku Joni: Anga ndiwapatsira munthu wa basi ya pa 10 Disembala, yodzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza. Ndiwakulunga m'mapulasitiki awiri, nthawi ino ndi ya mvula ndipo katundu wa pansi pa basi amanyowa. Wina akawalandire ku Blantyre.

Azakhali a ku Zomba: Ndikawalandira ndine.

Amake Tadala: Zosungira tsopano. Katoni ayi, chiswe cha kwa Agogo chimaidya sabata imodzi, ndipo imakoka chinyontho. Tigule bokosi lachitsulo kapena ndowa yaikulu yapulasitiki ya chivindikiro chothina, tiike pa njerwa, osagunda khoma. Buku lililonse likutidwe ndi pulasitiki yoonekera, selotepi imatidwe pa pulasitikiyo, osati pa chikuto. Mkati tilembe nambala, 1 mpaka 24. Pakhale kope la kaundula: nambala ya buku, dzina la wotenga, tsiku lotenga, tsiku lobweza. Pa tchuthi masiku asanu akwanira. Kaundulayo asunge mwana, osati wamkulu, ana amaopana okhaokha kuposa mmene amatiopera ife. Buku lisatuluke kupita kwa anzawo a m'mudzi, ofuna adzawerengere pakhonde.

Malume a ku Area 25: Ndiye ndalama igawike motere. K30,000 bokosi, pulasitiki, selotepi ndi kope. K25,000 nyale ya sola imodzi, chifukwa masana kuli kumunda ndipo kuwerenga kudzakhala kwa usiku. K80,000 mabuku a kuno. A ku Joni ndi a ku Leeds, zanu za mabuku musatumize, chotsani pa zimene mugule kumeneko, tidzawerengera pamodzi.

Asisi a ku Leeds: Mukatero K135,000 ija sikwana malume, makomo otumiza atsala 7.

Malume a ku Area 25: Zoona. K105,000. Mabuku a kuno atsike afike K50,000, poti ndi a Chichewa aja ndi la Zeleza basi.

Amake Tadala: Agogo atumiza mawu, ndikulemba mmene anenera. Ati mabukuwo abwere, koma madzi atungidwe kaye ndipo mbuzi zilowe m'khola. Atinso limodzi la Chichewa adzawawerengere mokweza madzulo, mutu umodzi pa tsiku, maso awo anasiya kuona zilembo.

Azakhali a ku Zomba: Nthondo wapeza ntchito. Achimwene, mugule la zilembo zooneka bwino, owerenga adzakhala pa nyale.

Malume a ku Area 25: Ndamva. Ndalama zifike pofika pa 30 Novembala, Airtel Money kapena Mpamba, nambala ndatumizira aliyense kumbali. Asuweni a ku Mzuzu, simunasankhe lofiira lanu.

Msuweni wa ku Mzuzu: Ndipatseni We Need New Names, lija ndinafuna kuika pa mulu wobiriwira.