Mafoda a pa flashi asanduka ma shortcut, ndifomate?

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Flashi yachokera kosindikiza mapepala, ndiye mafoda onse asanduka ma shortcut a 1 KB kapena 2 KB, koma ikuonetsabe kuti 6 GB ndi yodzaza. Mafayilo apita basi? Ndifomate?

Katswiri_wa_Mawaya: Musafomate achimwene, mafayilo anu alipo. Flashi yalowa kachilombo ka kompyuta (vayirasi), kamene kamangowabisa, n'kuika ma shortcut a mayina omwewo pamalo pake. Msampha uli pamenepo: mukadina shortcut, foda imatseguka bwinobwino, koma kachilombo kalowanso m'kompyuta yanu. Choncho musadine chilichonse.

Onani chilembo cha flashi mu This PC, tinene kuti ndi E. Tsegulani cmd (Command Prompt, polembera malamulo mu Windows), lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* kenako Enter. Lamuloli limachotsa zizindikiro zitatu zimene kachilombo kanapaka pa mafayilo: hidden, read-only ndi system. Ngati mafayilo ndi ambiri lidikireni, silionetsa kanthu mpaka litamaliza. Nthawi zina zonse mumazipeza m'foda yopanda dzina. Koperani zanu zokhazokha, kenako fufutani mafayilo othera ndi .lnk (ma shortcut aja), othera ndi .vbs, ndi autorun.inf. Mukatero mukhoza kufomata.

MaiWaIT: Zoona, koma ngati munadina kale, kompyuta nayonso yadwala, ndipo flashi iliyonse yolowa idzatuluka ndi matenda omwewo. Dinani Ctrl+Shift+Esc, pa Details fufuzani wscript.exe, pulogalamu imene kachilomboka kamayendera, muimitse ndi End task. Kenako Windows+R, lembani shell:startup, chotsani fayilo yachilendo ya .vbs ngati ilipo. Pomaliza pitani ku Windows Security, Virus & threat protection, Scan options, sankhani Microsoft Defender Offline. Kompyuta izima n'kuyakanso yokha, n'kusesa Windows isanadzuke, nthawi imene kachilombo sikangabisale. Zimatenga pafupifupi mphindi 15, choncho ikhale pa chaja.

Muyatsenso File name extensions pa View mu File Explorer, kuti mchira wa dzina la fayilo uzioneka. Popanda zimenezo, CV.pdf.exe imaoneka ngati CV.pdf wamba.

Bambo_Seva: Mwayi wanu n'ngwakuti kanangobisa. Mafayilo akasintha mchira wa dzina, osatseguka, pambali pali kalata yofuna ndalama za Bitcoin, imeneyo ndi ransomware ndipo attrib sathandiza. Ransomware yotchedwa WannaCry mu Meyi 2017 inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri za boma (NHS) ku Britain, chonsecho Microsoft inali itatseka kale mu Malichi bowo la mu Windows limene inalowera. Inagwira amene sanaike ma update. Windows 7 inasiya kulandira ma update mu Januwale 2020, koma makompyuta ena osindikizira akadali pa iyoyo, ndiye musadabwe.

Antivayirasi ya crack (yobedwa) ayi ndithu, kawirikawiri kachilombo kamakhala m'menemo. Defender yokwanira ma update ndi yokwana. Ulendo wina kosindikiza, fayilo muisandutse PDF, muwatumizire pa WhatsApp kapena imelo, flashi ikhale m'thumba.