Ndisamukire ku Lilongwe kapena ku Blantyre?

Abale anga, ndithandizeniko nzeru. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Senga Bay ndipo geni yanga ndi ya usipa wouma. Ndikufuna kusamukira m'tauni chaka chamawa, koma mutu waima.

Lilongwe ndi pafupi, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma la Salima, msewu wa M14. Amayi akadwala ndingafike tsiku lomwelo, ndipo matumba a nsomba sangandidyere ndalama zambiri panjira. Koma achemwali anga ali ku Ndirande, akuti pogona palipo ndipo pa msika wa Limbe nsomba zimayenda malonda. Mtunda wokha ndiwo ukundiopsa.

Inu amene munakhalako konse kuwiri, lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri ikusiyana bwanji pakati pa Kawale kapena Area 25 ndi Ndirande? Nanga madzi, nanga sukulu za ana?