Buluzi wa ndevu ku Nchalo wakana kudya, eni ake akufuna jakisoni

Wa ku Nchalo:
Alangizi anzanga, mwaswera bwanji. Lero sindinabwere ndi za ng'ombe kapena mbuzi ayi. Kuli banja lina kuno lomwe likuweta buluzi wakunja uja amati bearded dragon, wa minga pansi pa chibwano. Bambo wa pakhomopo anabwera naye kuchokera ku Joni, kugulira mwana wawo wa sitandade 6. Akuti ali ndi miyezi ngati 3, ndipo kutalika kwake ndi mchira womwe ndi masentimita 20 kapena kuposerako pang'ono. Chifikireni sakudya bwino, sabata ino ndiye wakaniratu. Mwana akati amugwire, amafufumitsa khosi, khosilo n'kuda bii, kukamwa yasaa, ndipo dzulo wamuluma chala. Ndamupeza m'bokosi lagalasi loweteramo nsomba, lili pawindo la pabalaza loyang'ana kumadzulo. Pansi anathira mchenga wa kumtsinje, pamwamba anapachika babu. Akumupatsa letesi, kabichi ndi ziwala zomwe ana akumagwira kumunda. Eni ake akuti ndimubaye jakisoni woti ayambe kudya. Ine sindinamubaye. Ndithandizeni maganizo.

Wa ku Bangula:
Achimwene, chiweto chikasiya kudya n'kumaonda ine ndimayamba kuganiza za njoka za m'mimba. Bwanji kadontho ka ivermectin, mankhwala a njoka aja, ndi mavitamini pang'ono?

Mayi a ku Chikwawa boma:
Ayi bambo a ku Bangula, pamenepo tiyambe taima. Ivermectin amapha kamba, ndipo kwa abuluzi madokotala amamugwiritsa ntchito mosamala kwambiri. Botolo lathu lija anapangira ng'ombe ya makilogalamu mazanamazana, pomwe kanyama aka kakulemera magalamu owerengeka. Ndi sirinji yathu simungayeze mlingo wake, mungopha chiweto cha eni. N'zoona kuti abuluzi amenewa amakonda kukhala ndi tinjoka ta m'matumbo ndi coccidia (tizilombo ta m'matumbo tosaoneka ndi maso), koma tizione kaye pa maikulosikopu. A ku Nchalo, akachita chimbudzi mutenge chatsopano m'kabotolo mutumize kuno. Muyang'anenso mbali yoyera ija ya chimbudzicho: ikakhala yofewa ndi yoyera ali bwino, ikakhala youma gwaa ndi yachikasu ndiye kuti madzi akuchepa m'thupi.

Madala a ku Ngabu:
Ana anga, musanafike ku mankhwala bwererani ku bokosilo. Mwati lagalasi, pawindo la kumadzulo, ku Nchalo, mwezi wa Okutobala uno? Kuno kwathu dzuwa likakwiya timapitirira madigiri 40 pamthunzi. M'galasi lowombedwa ndi dzuwa la 3 koloko, babu ikuyakanso pamwamba, nyumba ya malata, mukuganiza mukufika pati? Buluzi alibe thukuta. Akatenthedwa amathawira pozizira, akazizidwa amabwerera padzuwa, moyo wake ndi umenewo. Taonani gulo pamtengo: m'mawa ali poyera kuwothera, masana wazungulira kuseri kwa thunthu. Uyu mwamutsekera poti alibe kothawira. Kuyasama mukunenako mwina si ukali wokha, akufuna kutulutsa kutentha. Pitani ndi choyezera kutentha mukaike pansi m'bokosimo masana, mudzatiuze.

Chemwali a ku Nsanje:
Madala anena zoona, ndipo gulo amene amutchulayo ndi m'bale wake ndithu, onse ndi a banja la Agamidae. Ndinawerengako za abuluzi amenewa tili ku Bunda, ndiye ndiyike zomwe ndikudziwa. Dzina lake la sayansi ndi Pogona vitticeps, kwawo ndi kumadera ouma a pakati pa Australia. Dziko limenelo sililola kutulutsa nyama zake zakutchire kukagulitsa kunja, choncho onse ogulitsidwa m'masitolo a ziweto ndi oswedwa m'manja mwa anthu. Akakula amafika masentimita 45 mpaka 60, ndipo akasamalidwa amakhala zaka 10 kapena kuposa. Banjalo lidziwe kuti latenga udindo wautali, mwanayo adzamaliza Fomu 4 buluzi akadalipo.

Anthu akamva kuti ndi wa kuchipululu amaganiza kuti kutentha kulikonse n'kwabwino. Si choncho. Bokosi limafunika mbali ziwiri. Mbali imodzi pakhale powothera pa madigiri 38 mpaka 42, mbali inayo pakhale pozizirirapo, 24 mpaka 29, ndi pobisala. Usiku nyali zonse zizime. Anzathu a ku Ulaya amavutika kupeza kutentha, ife kuno ku chigwa vuto lathu ndi kupeza mbali yozizirayo.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Buluzi ameneyu amafuna kuwala kwa UVB, mbali ya kuwala kwa dzuwa yosaoneka ndi maso, kuti khungu lake lipange vitamini D3, ndipo popanda D3 kashiamu wa m'chakudya salowa m'thupi. Galasi la pawindo limatchinga UVB. Babu wamba satulutsa UVB. Ndiye ngakhale akuoneka ngati ali padzuwa tsiku lonse, akungopsa chabe, chomwe mafupa ake akufuna sakuchilandira. Kwa wamng'ono amene akukula msanga zotsatira zake sizichedwa: chibwano chimafewa, miyendo imanjenjemera, amayamba kukwawa ndi mimba, msana ndi mchira zimapindika. A ku Nchalo, mukabwererako mukhudze chibwano cha pansi pang'onopang'ono ndi chala, ndipo muone ngati zala zake zikunjenjemera akamayenda.

Wa ku Nchalo:
Zikomo chemwali. Nanga nyali ya UVB tingaipeze kuti kuno? Komanso magetsi akumathimathima.

Chemwali a ku Nsanje:
Aitanitse kwa abale awo ku Joni, ya chubu yaitali yopangira abuluzi a kuchipululu, ndipo adziwe kuti mphamvu yake imatha ngakhale ikuyakabe, amasintha pakatha miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi mtundu wake. Koma asadikire nyaliyo. Dzuwa lathu laulere limaposa nyali iliyonse. Mmisiri awakhomere kakhola ka matabwa ndi waya wa nkhuku wa maso ang'onoang'ono, theka lake likhale lofolera kuti pakhale mthunzi. M'mawa cha m'ma 7 koloko amutulutse kwa theka la ola kapena ola, dzuwa lisanakalipe. M'galasi kapena m'beseni la pulasitiki asamuike padzuwa ngakhale pang'ono, amafa m'kanthawi kochepa. Muwachenjezenso kuti akawothera dzuwa lenileni amachangamuka n'kukhala wolusa kwakanthawi, asadabwe.

Madala a ku Ngabu:
Ndipo munthu akhale pomwepo. Mphamba, mphaka ndi linthumbu sizidziwa kuti anagulidwa ndi ma rand. Miyendo ya kakholako aiike m'zitini za madzi. M'nyumbamo bokosi lichoke pawindo lipite chipinda chozizira, pansi pa simenti. Pobisala aikepo phale lovundikira, dothi limasunga kuzizira. Masana otentha kwambiri babu izime, ndipo nsalu yonyowa aiyale pamwamba pa mbali imodzi yokha.

Wa ku Livunzu:
Ine ndilankhulepo za ziwalazo, chifukwa ndi zomwe zandiopsa. Ana akugwira kumunda uti? Kuno minda yambiri imapoperedwa, wa thonje amapopera, wa chimanga cha kudimba akulimbana ndi ntchemberezandonda, wa tomato ndiye sabata iliyonse. Chiwala chomwe mwana wachigwira mosavuta nthawi zambiri ndi chomwe chafooka kale ndi mankhwala. Nkhuku ingapirire, kabuluzi ka magalamu ochepa sikangapirire. Kuwonjezera apo ana sasankha. Mnunkhadala uja wa mawangamawanga ali ndi poizoni wochokera ku zomera zomwe amadya. Ziphaniphani ndiye zoopsa zedi, chimodzi chokha chikhoza kupha buluzi wa mtundu umenewu. Mvula ikayamba zidzadzaza m'madambo, ana n'kumati tikamupatse zowala. Muwauze mwamphamvu.

Wa ku Bangula:
Ndamva za ivermectin, zikomo mayi. Nanga akasiya ziwala za kumunda adya chiyani? Letesi yekha?

Chemwali a ku Nsanje:
Letesi ndi madzi okhaokha. Wamng'ono chonchi chakudya chake chachikulu ndi tizilombo, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, masamba ndi ongowonjezera. Akakula zimatembenuka, masamba ndiwo amachuluka. Tizilombo aziweta okha pakhomo. Ana a nkhululu kapena timphemvu toweta m'ndowa yotseka ndi neti, kumatidyetsa gaga, nkhwani ndi makoko a dzungu. Mphemvu za m'nyumba ayi, zimadya zonyansa ndi mankhwala. Ngati pali mlimi wa nkhuku kapena nsomba amene akuweta mphutsi za ntchentche ija ya black soldier, zimenezo ndi zabwino koposa chifukwa zili ndi kashiamu wambiri. Ngumbi zili ndi mafuta ochuluka, zikhale za apo ndi apo.

Lamulo la kukula kwake ndi ili: kachilombo kasapose mpata wa pakati pa maso ake awiri. Chiwala chachikulu chimatseka m'matumbo mpaka miyendo yakumbuyo kufooka. Mchenga ujanso uchoke lero lomwe, amaumeza pamodzi ndi chakudya. Ayale nyuzipepala kapena matailosi. Azimudyetsa kawiri kapena katatu patsiku, zomwe angathe kudya m'mphindi 10, atawothera kale, osati kukada. Zotsala azichotsa, chifukwa nkhululu zimamuluma usiku akagona.

Masamba tili nawo abwino kuposa a m'sitolo: mpiru, nkhwani zanthete, chisoso, chammwamba chomwe chili pakhomo lililonse kuno, ndi dzungu lopala. Aziduladula tating'ono. Sipinachi ndi bonongwe zikhale zochepa chifukwa zimamanga kashiamu. Mapeyala ndi anyezi asayerekeze.

Mayi a ku Chikwawa boma:
Pa kashiamu ndionjezere, poti ndikudziwa ena aganiza za DCP, ufa wa kashiamu womwe timasakaniza m'chakudya cha ziweto. Imeneyo ili ndi phosphorus, pomwe tizilombo tili nayo kale yambiri, vuto limangokula. Pakufunika calcium carbonate yekha. Ngati wa m'botolo palibe, awiritse zikhokhombe za mazira, aziumitse, azisinje mpaka zikhale ufa wosalala. Aike tizilombo m'kajumbo ndi kaufa pang'ono, agwedeze, tituluke tayera mbuu, apereke. Masiku ambiri pa sabata azitero. Madzi amudonthezere pamphuno ndi sirinji yopanda singano, amanyambita yekha. Osamuthira m'kamwa mokakamiza, angatsamwe.

Madala a ku Ngabu:
Tsono za kulumazo. Mwanayo amamugwira bwanji?

Wa ku Nchalo:
Amatsegula pamwamba n'kumugwira pamsana ndi dzanja lonse. Anzake a kusukulu amabweranso kudzaona, aliyense kufuna kugwirako.

Madala a ku Ngabu:
Ndi pamenepo. Chobwera kuchokera kumwamba kwa buluzi ndi mphamba basi.

Chemwali a ku Nsanje:
Eya madala, ndipo pamwamba pa mutu ali ndi kadiso kachitatu kooneka ngati kadontho kotuwa, kamene kamazindikira mthunzi ukadutsa. Dzanja likatsika pamwamba amadziwa kuti wagwidwa. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri asamugwire aliyense, anzake aja ayambe aima. Mwanayo yekha ndiye azibweretsa chakudya, azikhala pafupi ndi bokosi, aziika dzanja pansi m'bokosimo osaligwedeza. Kenako ayambe kumupatsa kachilombo kapena tsamba ndi zala. Akayamba kulandira, alowetse chikhato pansi pa chifuwa kuchokera kutsogolo kapena m'mbali, miyendo yonse inayi ipeze popondera. Akhale pansi pamkeka pomugwira kuti akadumpha asagwe patali. Mphindi 5 zakwana poyamba. Amubweze atadekha, osati pomwe akuphiriphitha, apo ayi aphunzira kuti kulimbana ndiko kumamumasula. Mchira asaukoke: wa nalimata umaphukanso, wa uyu ukaduka waduka. Akamafundula khungu amakwiya ndipo amadya pang'ono, amusiye, asamusende. Mukaona akukweza mwendo wakutsogolo n'kuuzungulitsa pang'onopang'ono, akusonyeza kugonja, si matenda.

Mayi a ku Chikwawa boma:
Osaiwala Salmonella, kachilombo kotsegula anthu m'mimba. Abuluzi amakhala nayo m'matumbo osadwala. Kusamba m'manja ndi sopo akamugwira, osamupsompsona, mbale zake osatsukira pamodzi ndi za anthu, ndipo ana osakwana zaka 5 asamugwire. Muwafunsenso mwaulemu za chilolezo cholowetsera chiweto m'dziko, ndipo akadzatopa naye asakamutaye kutchire, atiuze ife.

Wa ku Nchalo:
Ndabwerako akuluakulu. Choyezera chinafika 46 pansi pa bokosi nthawi ya 3 koloko, mbali zonse chimodzimodzi. Tachotsa pawindo, mchenga tataya, phale laikidwa ndipo analowamo nthawi yomweyo. M'mawa uno atawothera panja wadya tiana ta nkhululu tingapo, masamba sanakhudze. Chimbudzi ndatumiza, mbali yoyera ija inali youma ndi yachikasu. Koma chemwali, chibwano ndachikhudza, chikubonyoka pang'ono, ndipo zala za mwendo wakumbuyo zikunjenjemera.

Chemwali a ku Nsanje:
Ndiye matenda a mafupa aja ayamba. Akadali koyambirira amatha kuchira, koma apa pakufunika dokotala wa ziweto amuone ndi kumuyeza pa sikelo ya magalamu, apereke kashiamu wamadzi pa mlingo wake. Ife tisayerekeze kumubaya kashiamu wa ng'ombe uja. Pakadali pano achotse nthambi zonse zokwera kuti asagwe n'kuthyoka, dzuwa la m'mawa lisaphonye, ndipo zophunzitsa kugwira zidikire kaye.

Mayi a ku Chikwawa boma:
Chimbudzi chafika, ndichiona mawa m'mawa ndipo zotsatira ndikulemberani kuti apite nazo kwa dokotala. Ngati akukwera ku Blantyre anyamuke mbandakucha, adutse Thabwa dzuwa lisanatenthe. Amuike m'katoni yobowola yoyala thaulo, ikhale pampando pamthunzi, osati kubuti kapena pamwamba pa injini ya minibasi.