Nangula tiponye pati ku Nkhata Bay?

Abale anga, makamaka inu a kunyanja, ndigawireniko nzeru. Ine ndili kuno ku Mzuzu, achimwene anga agula boti la thanga, lili ndi kainjini kakang'ono kumbuyo, ndiye akufuna tikaliimike ku Nkhata Bay mu June muno. Vuto ndi malo oponyera nangula. Pafupi ndi jeti, pokocheza sitima paja, pamakhala piringupiringu, Ilala ikafika ndiye osakamba, maboti a matabwa onyamula anthu ndi katundu, asodzi a usipa usiku ndi nyali zawo, kwinaku alendo akusambira cha ku gombe la Chikale. Komanso nyanja kumeneko imazama msanga ukangochoka pagombe ndipo miyala ndi yambiri, ndiye ndikuopa nangula kukodwa pansi kapena kukhwekhwereka mwera ukayamba usiku ife tili mtulo.

Unyolo tili nawo wa mamita 20 basi, kwinako ndi chingwe, zikwana koma? Akuti chingwe chizitalika kasanu kuposa kuya kwa madzi, nanga pothinana chonchija boti likamazungulira ndi mphepo silikagunda a eni ake? Chilolezo timakatenga kwa a Marine, nthambi ya boma yoona za maulendo a panyanja, kapena timangolankhula ndi a padoko? Amene munaimikapo boti pamenepo chonde ndiuzeni, achimwenewa ndalama zawo zonse zathera pa botili.