Domain ya bizinesi yanga ili m'dzina la wina, ndikasume kuti?

MayiWaUchi:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndimagulitsa uchi kuno ku Lilongwe, dzina la bizinesi lili pa mabotolo onse ndi pa Facebook pomwe. Mnyamata amene anandipangira website ndi amenenso analembetsa domain (adiresi ya websiteyo pa intaneti) ya .com, ndalama ndinatulutsa ndine koma iye analemba m'dzina lake. Pano tasemphana ndiye akuti domain ndi yake, ndikaifuna ndigule. Ma email a makasitomala onse amadzera pomwepo, tulo sindikugona. Zoterezi kupolisi angandimve?

Kamba265:
Pepani mayi. Kupolisi akakuuzani kuti ndi nkhani ya civil. Pa .com pali njira yothetsera mikangano ya ma domain yotchedwa UDRP, anaikhazikitsa a ICANN (bungwe loyang'anira ma domain) mu 1999, dandaulo mumatumiza pa intaneti ku WIPO, bungwe la UN loona za ma trademark ndi zina zotero, ku Geneva, simukwera ndege ayi. Winayo amapatsidwa masiku 20 kuti ayankhe, pakatha miyezi iwiri kapena kuposerapo pang'ono chigamulo chatuluka. Koma mtengo wake ndi 1,500 dollars, loya wanu pambali, ndipo mukawina amangokupatsani domainyo basi, chipukuta misozi kulibe.

MlongoWaKuJoni:
Achemwali musathamangire ku WIPO, mungataye ndalama za uchi chaka chonse. Kumeneko muyenera kuonetsa zinthu zitatu zonse pamodzi, kuti dzinalo ndi chizindikiro chanu cha malonda (trademark), kuti iyeyo alibe nalo gawo, komanso kuti analembetsa ndi mtima woipa ndipo akuligwiritsa ntchito ndi mtima woipa. Apo ndi pomwe pamavuta, chifukwa tsiku limene ankalembetsalo munamutuma ndinu, ndiye oweruza ena amangoti uwu ndi mkangano wa pa ntchito, kathetseni ku khoti kwanu. UDRP anaipangira makamaka anthu aja ongogula dzina la kampani ya eni kuti adzaigulitse modula.
Inuyo mphamvu yanu ili pa umboni. Ma message a pa WhatsApp pomwe mumamutuma, risiti ya Airtel Money kapena Mpamba, invoice ngati anakupatsani, sungani zonse lero lomwe asanafufute mbali yake. Kenako loya alembe kalata yomupatsa masiku oti asamutse domain, ambiri akaona kalata ya loya amafewa. Ndipo onani pa WHOIS, pomwe amaonera zambiri za domain pa intaneti, tsiku lomwe domainyo ikutha, akaisiya dala osalipira wina wakunja atha kuitola, pamenepo nde nkhani yakula zedi.

MayiWaUchi:
Zikomo achimwene, ma message ndili nawo onse. Koma trademark sindinalembetse, ndili ndi satifiketi ya business name yokha. Si chimodzimodzi?

MlongoWaKuJoni:
Ayi ndi zosiyana. Business name imangosonyeza kuti mukuchita malonda m'dzina limenelo, siiteteza dzinalo mmene trademark imatetezera. Kalembetseni pansi pa Trademarks Act ya 2018, imakhala zaka 10 kenako mumaonjezera. Katundu ndi ma service amagawidwa m'makalasi 45, uchi uli mu class 30. Ngati mukuganiza zodzagulitsa kunja ilipo njira ya ARIPO, bungwe lolembetsa ma trademark a m'mayiko angapo a mu Africa, ku Harare, fomu imodzi mumasankha mayiko omwe ali mu Banjul Protocol, koma South Africa mulibemo, kuno ku Joni nkulembetsa pakokha.

Kamba265:
Zoona zimenezo. Ndiye poyembekezera loyayo tsegulani email ina muwauze makasitomala akuluakulu, chifukwa mwini domain atha kutseka kapena kupatutsa ma email anu nthawi iliyonse. Akavomera kusamutsa, akupatseni transfer code (code yosamutsira domain) muiike mu akaunti yotsegula nokha, ndi email yanu komanso nambala yanu.