Ndalama za ku Joni zafika: mjigo kapena inteki?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Abale athu a ku Joni atumiza K8 miliyoni ya madzi, yalowa mu akaunti ya gulu lero. Ine ndi alembi tikuganiza zokumba mjigo pasukulu, poti mipope yaumanso. Lankhulani, Loweruka tikawauze amfumu.

Achemwali a ku Joni: Ndalamazo tasonkha movutika, ena mwa ife ndi amaganyu. Madzi afike basi. Koma lisiti lililonse tizilionera pano.

Amalume a mapaipi: A Wapampando, mjigo ayi. Madzi sanathe m'phirimo, chinafa ndi inteki, pamene paipi yathu imatengera madzi mumtsinje. Chigumukireni khoma lija ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pali matumba a mchenga ndi paipi yongoviika m'madzi, yopanda sefa. Mvula ikagwa mchenga umalowa n'kukadikha m'malo otsika a paipi. Mavavu otsukira matope anagwira dzimbiri, satseguka. Pazitunda mpweya umaunjikana n'kutsekereza madzi chifukwa mavavu a mpweya anabedwa. N'chifukwa chake mpope wakumtunda umangodontha pomwe yakumunsi ili gwa.

Amalume a mapaipi: Tisanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, tiyeze madzi panopa mu Okutobala pomwe mtsinje wachepetsetsa. Ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pafoni, kuyeza katatu. Ikadzaza pa masekondi 40, ndiye theka la lita pa sekondi, malita 43,200 pa tsiku. Pa malita 30 munthu aliyense, amenewo ndi anthu 1,440. Mjigo umodzi amauwerengera anthu 250.

Mayi a komiti ya mpope: Amalume, masamuwo ngabwino, koma amayi kuno akutunga kumunsi kwa pomwe ng'ombe zimamwera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mjigo akabwera ndi makina sabata siitha.

Amalume a mapaipi: Mayi, sabata siitha kukumba, inde. Nanga madzi ake? Kumunsi kuno, mbali yolowera ku Chilwa, mijigo ina imatulutsa madzi amchere, anthu amangochapira n'kubwerera kumtsinje. Okumba ena amafuna malipiro ngakhale dzenje lituluke louma, pokhapokha mutalemba m'mgwirizano kuti mulipira madzi akapezeka. Ndipo pampu ya pamjigo ya mtundu wa Afridev siyosiya osaiyang'anira. Labala la pa plunger, chokweza madzi m'kati mwa paipi, limatha, ma bush bearing a pa chogwirira amadyeka, timavavu ta bobbin ndi timalabala ta O-ring nationso. Chogwirira chikayamba kugwedera osasintha ma bush, chimadya chitsulo ndipo ndalama yake imakula. Mjigo wa kutchalitchi uja unafa chonchi, komiti inalibe ndalama ya labala lokha.

Aphunzitsi: Inalibe bwanji, anthu amasonkha mwezi ndi mwezi? Ndipo poti zayambika, matumba a simenti a mlatho aja anapita kuti? Mpaka lero tikuwoloka pamitengo.

Msungichuma: Aphunzitsi, nkhani imeneyo ndinaiyankha pamsonkhano wa kusukulu. Simenti inanyowa m'kalasi lodontha, inauma ngati mwala.

Aphunzitsi: Onse? Amene anaona miyalayo ndani?

Wapampando: Chonde, lero ndi za madzi.

Achemwali a ku Joni: Ayi a Wapampando, asiyeni afunse. Ya mlathoyo tinasonkhanso ndife.

Mlangizi wa zaumoyo: Pomwe mukukambirana, mvula ili pafupi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi amtsinje omwe mayi akunenawo ndiwo njira yake. Patulani kangachepe tigule HTH, klorini wa ufa wophera tizilombo m'madzi. Magalamu 15 mu lita imodzi ya madzi, m'botolo losalowa kuwala, mankhwalawo asapitirire masabata awiri. Kasupuni kamodzi ka tiyi ka madzi a m'botolomo mu ndowa ya malita 20, kutakasa, kudikira mphindi 30. Madzi amatope aziyamba adikha ndi kusefedwa pansalu, chifukwa klorini sagwira bwino m'matope. Ndowa ikhale yovundikira, kapu yotungira isakhale yomwera. Ndipo kaya mjigo kaya mpope, chimbudzi chitalikire mamita 30, chikhale chakumunsi. Pasukulu paja zimbudzi za anyamata zili kumtunda kwa malo omwe a Wapampando akunena.

Amalume a mapaipi: Mwamva. Tsono inteki imangidwe motere. Khoma lisakhale padothi ngati lakale lija, likhale pathanthwe, mamita angapo kumtunda. Tiboole thanthwelo, tizike zitsulo za Y12, zonenepa mamilimita 12, konkire ya 1:2:4, simenti, mchenga wotsuka ndi kwale, kuthirira masiku 7. Paipi yotengera madzi ikhale masentimita 30 kuchokera pansi, kukamwa kwake sefa. Pansi penipeni paipi ina yaikulu yotulutsira mchenga. Kenako thanki yodikhitsira madzi. Pa theka la lita pa sekondi, malita 1,800 pa ola, thanki ya malita 4,000 imasunga madzi maola awiri ndi pang'ono, mchenga umatsalira mmenemo. Pamiyala ndi powoloka mitsinje paipi yachitsulo, yomangirira ndi konkire mbali zonse. PVC yokha ikwiriridwe masentimita 60 kapena kuposa, apo ayi dzuwa limaiphwanyitsa, moto wolusa umaisungunula, khasu limaitema. Kumunsi komwe madzi amatsika kuposa mamita 60, paipi ya class 6 imatha kuphulika, pafunika yolimbirapo ya class 10 kapena kathanki kochepetsa mphamvu ya madzi.

Achimwene a ku Lilongwe: Zonsezi pa K8 miliyoni, amalume? Mitengo ya mapaipi mwaiona posachedwa?

Amalume a mapaipi: Paipi yaikulu ilipo, yofunika kutsuka ndi kusintha zidutswa zosweka. Mchenga, miyala ndi kukumba ngalande ndi ntchito ya midzi. Ndalama ipite ku simenti, zitsulo, mavavu ndi mmisiri. Titenge makotesheni atatu, tiitanenso a zamadzi a kuboma adzaone mapulani ndi kuyeza madziwo. Koma ndinene poyera: tikamanga osakhudza za kumtunda kwa inteki, mvula ziwiri zokha thanki yadzaza matope.

Mayi a komiti ya mpope: Nenani amalume, ife tikanena amati ndife amwano.

Amalume a mapaipi: Madimba afika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mizere yotsata kutsetsereka. Feteleza ndi mankhwala a tomato zikutsukidwira m'madzi omwewo. Bulugamu wadzalidwa pakasupe, ndipo mtengo umenewo umamwa madzi kwambiri, sukhala pagwero. Mitengo yachilengedwe yatha ndi makala. Tipangane lamulo la mudzi: mamita 15 mbali zonse za mtsinje osalima. Mmenemo nsungwi, mbawa, mkuyu ndi katope. M'minda yakumtunda akalozera oyezedwa bwino, vetiva pamwamba pake, mapesi otalikirana masentimita 10 mpaka 15, kudzala mvula ikakhazikika. Akatalikirana kwambiri madzi amadutsa pakati n'kukumba chigwembe. Mu Juni kulambula njira zotchinga moto. Ng'ombe zimangiridwe chomwera kumunsi kwa inteki, pamwamba pakhale mpanda.

Mphwawo wa amfumu: Amalume, bulugamu mukunenayo ndi wanga, aliyense pano akudziwa. Malo aja ndi a makolo athu. Inu muli ndi penshoni, ena sukulu fizi imachokera m'dimba. Muwapatsa chiyani mukawachotsa?

Amalume a mapaipi: Sindinatchule munthu. Madzi osefukira pathanki angathe kuthirira madimba kumunsi, amfumu agawe malo kumeneko.

Mphwawo wa amfumu: Kumunsi kuli eni ake. Ndipo makala akuwotchedwawo ogula ndi a m'tauni omwe muli pagulu pano.

Achimwene a ku Lilongwe: Musatilowetsemo. Ife timasonkha, inu pamsonkhano wa chitukuko simubwera.

Aphunzitsi: Ndalama isatuluke ndi siginecha ya munthu mmodzi. Atatu, mmodzi akhale mayi wa kumudzi. Ndipo buku la mlatho lijambulidwe liikidwe pano.

Msungichuma: Ngati simundikhulupirira sankhani wina. Buku lili ndi mlembi wakale.

Wapampando: Tavotani: 1 mjigo, 2 inteki.

Achemwali a ku Joni: Sitivota. Ndalankhula ndi anzanga kuno, ndalamayo isakhudzidwe mpaka tione sitetimenti ya kubanki ndi buku la mlatho. Ya HTH yokha ituluke.

Amalume a mapaipi: Konkire siyothira mtsinje utadzaza. Tikadutsa Novembala ndiye mpaka Meyi. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndikufuna anyamata awiri ndi ndowa kukayeza madzi.

Mphwawo wa amfumu: Njira ya ku inteki imadutsa m'munda mwanga. Muyambe mwapempha.

Mayi a komiti ya mpope: Nanga Loweruka amfumu tikawauza chiyani?